Malambe a Anita

Turffontein, Joni
11 Juni 2023

Okondedwa amake Anita,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa Anita, ndi wa mzime wathu Yamiko. Chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandipeza. Munthu wa ku Bangula, wozolowera kugona pabwalo chifukwa cha kutentha, lero ndikugona ndi jekete ndi chipewa chomwe. Geresomo, mnzanga wa ku Chiromo amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, akuti andijambula akutumizireni kuti museke.

Kalatayi ndapatsira a Witness, adalaivala onyamula katundu aja, pamodzi ndi chikwama chimodzi. Muli mafuta ophikira, sopo, bulangete ndi nsapato za Yamiko. Zikamukulira asalire, phazi lidzazipeza. Ndalama ndatumiza kale pa foni. Mugule chimanga panopa chisanakwere, ndipo malata akukhitchini aja asadikire mvula. Achimwene a Hilario akabweranso ndi nkhani yobwereka tonde, muwauze kuti ndamva, koma ayambe abweza khasu.

Tsopano za mwana wanuyu, Anita. Wandiimbira mpaka khutu kutentha. Akuti geni yake ya ufa wa malambe, masawu ndi bwemba ikufunika dzina la pa intaneti, kuti anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe azimupeza okha, osadalira makondakitala a minibasi. Inu munati simukumvetsa chimene tikugula popeza sichigwirika ndi manja. Nanenso ndinali pomwepo. Wandilongosolera kuti zili ngati benchi ya mumsika: suigula, umalipira chaka ndi chaka kuti ikhale yako, ndipo pali makampani amene ntchito yawo ndi kulembetsa mayinawo. Iye wasankha lakuti Malambe a Anita. Ndinamufunsa kuti nanga la bambo ako lalakwa chiyani, akuti Malambe a Kaitano palibe angagule, akumveka ngati ofumbwa. Mwanayu mwamulera ndinu, ine ndilibemo.

Lamulungu lapitali ine ndi Geresomo tinakhala pansi kuyerekeza makampaniwo pa foni. Alipo ambirimbiri, onse akudzitama, koma tinatsala ndi awiri. Kampani ina ili ndi ofesi konkuno ku Joni, ukaimba amayankha munthu, koma ikufuna marandi 190 pa chaka, kuwonjezanso ina ya malo osungira zithunzi. Inzake ikungofuna marandi 29, malo osungirawo n'kukupatsanso ulere. Ofesi yake sitinaipeze, ili ndi kabokosi kolembamo mafunso basi. Geresomo anakakamira yodulayo, akuti iye sakhulupirira sitolo yopanda chitseko. Ine ndinati dzina ndi dzina, kaya akubatiza ansembe kaya akatekisiti, ndipo yotsalayo ndi shuga ndi mafuta a mwezi wathunthu kwathu. Tatenga yotchipayo.

Talipira ndi khadi ya Geresomo chifukwa za ku banki zanga sizinalongosokebe, musafunse zambiri. Polembetsa ndinati zonse zikhale za mwiniwake: dzina lake, nambala yake ya foni, imelo yake. Ndi thukuta lake, asadzati baba anandilanda.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine wanu,
Kaitano


20 Ogasiti 2023

Amake Anita,

Muli tani kumeneko? Ndamva kuti mwendo unakuvutani pochokera kudimba, musamaukakamize. Ine ndili pyadidi. Ntchito yoyala njerwa zapansi ikuyenda, ngakhale msana wayamba kundikumbutsa zaka zanga.

Tsamba la mwana latseguka! Latseguka sabata yathayi, ndipo ndinaliona nditakhala pa mulu wa njerwa nthawi ya nkhomaliro. Pali zithunzi za mapaketi ake, pali mlambe wa kuseri kwa tchalitchi uja, palinso iye mwini atavala diresi yachikasu imene ndinatumiza pa Pasaka. Pamwamba pali kabatani, ukakadina amayamba kulankhula, kulonjera ogula. Ndinadina, n'kudinanso, mpaka foni kutha moto. Ndinawayatsira anzanga onse, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambiki omwe, ndipo kapitawo wathu, munthu wosaseka ndi aliyense, anafunsa ngati mwanayu amagwira ntchito pa wailesi. Tsiku limenelo ndinayenda ngati kampani yonse ndi yanga.

Akuti kwabwera kale oda ya ku Limbe, mayi wina wa sitolo akufuna mapaketi makumi atatu. Muzimuthandiza kusefa ufawo, koma za ndalama musalowererepo, asunge yekha aphunzire. Akuti akapeza phindu akufuna kugula sikelo ya magetsi ndi kamakina komatira mapaketi, asiye zomata ndi kandulo. Ndamuuza kuti sikeloyo ndimuonera kuno, ndiyotsikirako mtengo. Geresomo ndamuseka kuti taona, sitolo yopanda chitseko ija ikugulitsa. Wangoti chaka sichinathe. Munthuyu ngakhale umupatse nyama amayamba wafunsa kuti yafa ndi chiyani.

Lachisanu kunali chipwirikiti pokwerera matakisi. Apolisi anatenga anthu angapo a kwathu, mmodzi wa ku Ngabu amene timapemphera naye. Ine ndinadzera njira ina ndipo ndinafika bwino. Musamuuze Anita, angayambe kuda nkhawa ndi za mapepala anga, ndipo akayamba kufunsa sasiya. Za Khirisimasi ndikuyesetsa, koma musawalonjeze ana.

Mumuuze Yamiko kuti chithunzi chake ndalandira ndipo ndachikhoma pakhoma. Mbuzi imene wajambulayo ili ndi miyendo isanu, koma ndi yonenepa bwino.

Wanu,
Kaitano


3 Disembala 2023

Amake Anita,

Ndikufunsa moyo wanu chifukwa kalata imayamba choncho, koma ndikudziwa mmene mulili. Ine ndikudya, ndikupita kuntchito.

Pa foni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba. Mtima wanga wasweka, Otilia. Mwana anandiimbira akuseka, akuti mutu ukumupweteka pang'ono koma oda ya ku Zomba atumiza ndithu. Sabata isanathe mukundiuza kuti wapita. Malungo amtundu wanji amenewo, osapereka mpata woti munthu apemphe ngakhale tchuthi? Sikelo yake ndinali nditagula kale. Ili pansi pa bedi, m'katoni mwake, ndipo sindikudziwa kuti ndiitani.

Ndikudziwa anthu akulankhula kuti ndi bambo wanji wosabwera kudzaika mwana wake. Alankhule, pakamwa ndi pawo. Inu mukudziwa chimene chikanandichitikira pa chipata cha Beitbridge ndi pasipoti yangayi, ndi zaka zimene akanandiletsa kubwerera kuno. Ndinalongedza chikwama, ndinafika mpaka pokwerera mabasi. Nditaima pamzere ndinaganiza za Yamiko, ndi chimanga chimene chakwera chonchi kwacha itagwa, ndipo ndinabwerera. Mwambo wonse ndinaumvera pa foni ya achimwene, ataikweza m'mwamba kumanda kuja. Ndinamva nyimbo, ndinakumvani inu, ndinamva dothi likugwera pabokosi, kenaka mayunitsi anatha.

Achimwene andiuza kuti zinthu zake zonse, zovala, makope, foni, aziika m'sutikesi yake n'kumanga ndi luzi monga timachitira kwathu, kudikira tsiku lowaza mankhwala ndi kugawa. Afunsa ngati achite okha ine kulibe. Ndati nkhabe, ayi ndithu. Kumuika ndalephera, koma ichi chokha ndidzachita ndi manja anga. Sutikesiyo asaikhudze munthu mpaka ndibwere, ndipo Yamiko asayandikireko. Mukudziwa zimene zimagwera ana zinthu za malemu zikagwiridwa nthawi isanakwane. Muiike pamwamba, pafupi ndi denga, pamene iye sangafikire.

Ndatumiza kangachepe. Mugulire sopo amayi amene anagona nanu pa siwa, yotsalayo ikhale ya pakhomo. Inu muzidya, ngakhale kukhosi kukane.

Anthu ayamba kukuitanani kuti amake Yamiko, ndi mmene zimakhalira. Kwa ine musayembekezere zimenezo.

Kaitano


17 Malichi 2024

Amake Anita,

Ndikhulupirira muli bwino inu ndi mwana. Ine ndili bwino, chala chokha chimene chinapanidwa ndi njerwa, koma chikupola. Ndamva kuti mvula inadula ndipo chimanga chapserera m'munda, mapira okha ndi amene akuonetsa moyo. Musagulitse mbuzi mwamantha, mavenda akudziwa kuti anthu apanikizika ndipo akugula mwakuba. Dikirani zimene nditumize kumapeto kwa mwezi. Yamiko asajombe kusukulu chifukwa cha yunifolomu, ndaika nsalu m'chikwamamu.

Pasaka uno sindibwera. Munthu amene analonjeza kundikonzera mapepala uja wasowa, foni yake sikupezeka. Tisiyire pomwepo.

Mwafunsa kuti ndikupirira bwanji kuno ndekha. Ndikuuzeni zoona. Nthawi ya nkhomaliro ndimatenga buledi wanga n'kupita kuseri kwa mulu wa njerwa, ndimatsegula tsamba lija n'kudina kabatani. Amalankhula ngati palibe chachitika. Inu muli ndi manda oti mukasese, ine ndili ndi pamenepa. Anzanga anazolowera, akandiona ndikupita amangondisiya, ndipo ngakhale kapitawo sandiitana mpaka ndibwere ndekha. Geresomo akuti ndikudzitosa pachilonda. Ndamuuza kuti chilondacho ndi changa.

Geni inatha, koma dzina la mwana lisafe kawiri. Ndayamba kuika padera ndalama ya chaka chachiwiri. Tsamba linatseguka mu Ogasiti, ndiye Ogasiti akamafika ndidzakhala nditakonzeka. Mwinanso ndidzalisamutsira ku kampani ya ofesi ija kuti likhale pamalo okhazikika, ngakhale Geresomo adzandiseka.

Moni kwa achimwene ndi alamu.

Wanu,
Kaitano


23 Juni 2024

Amake Anita,

Moyo wanu ndi wa Yamiko? Ine thupi lili bwino. Ndikulemba mofulumira chifukwa a Witness anyamuka mawa, ndipo pa foni dzulo munadula ndisanamalize.

Lachinayi ndinatsegula tsamba, palibe. Chithunzi palibe, kabatani palibe, pali mawu achingerezi oti nthawi ya dzinali yatha. Ndinayesa pa foni ya Geresomo, chimodzimodzi. Chaka chawo amawerenga kuyambira tsiku lolipira, mu Juni, osati tsiku limene tsamba linatseguka. Akuti anatumiza zikumbutso. Anatumiza kuti? Ku imelo ya Anita ndi ku nambala ya Anita, m'sutikesi.

Ndalama ndili nayo m'manja, ngakhale mtengo wa chaka chachiwiri aukweza kufika marandi 340, kuposanso kampani imene ndinaikana ija. Akuba opanda nkhope! Koma ngakhale kubako akukanika. Kuti ulipire uyenera kulowa ngati mwini, ndipo kuti ulowe amatumiza manambala achinsinsi ku foni ya mwiniyo. Ndalemba m'kabokosi kawo kuti mwini anamwalira, ine ndine bambo ake. Chimene chimayankha si munthu, ndi chimakina. Chikuti zikomo, tasangalala kumva kuchokera kwa inu, lowani mu akaunti yanu. Ndalembanso, Geresomo atandikonzera chingerezi, yankho ndi lomwelo. Chinthu chakuti ukuchiuza za maliro, icho n'kumati chasangalala.

Lachisanu ndinajomba theka la tsiku n'kupita ku ofesi ya kampani inayo. Anandilandira mayi wina, anandipatsa mpando ndi madzi, anandimvera mpaka kumaliza. Anati dzinalo likanakhala kwa iwo, kalata ya imfa ndi umboni woti ndine kholo zikanakwana. Koma kuti alitenge kwa anzawowo pafunika chilolezo chochokera mu akaunti yomweyo. Anati kawirikawiri pamakhala milungu ingapo ya chisomo dzina lisanaperekedwe kwa ena, ndipo zithunzi ndi mawu mwina akadazisunga, koma iye sangalonjeze za m'nyumba ya eni. Ndinatuluka manyazi atandigwira, poganiza kuti anthu amenewa ndinawakana chifukwa cha shuga.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sutikesi itsegulidwe, foni itchajidwe, ine ndidzaimba n'kukuuzani chochita. Ndikudziwa kuti ndine amene ndinati isakhudzidwe. Ndamasula mawu angawo. Mukalandira kalatayi pitani kwa achimwene tsiku lomwelo, musadikire Lamulungu.

Kaitano


14 Julaye 2024

Amake Anita,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndi chimfine, koma n'cha chisanu chabe.

Pepani chifukwa cha mawu amene ndinalankhula pa foni. Sindinayenere kunena kuti mukukonda mwambo kuposa mwana wanu. Yankho lanu silikuchoka m'mutu mwanga: "Mmodzi ndaika kale, mukufuna ndiikenso uyu chifukwa cha foni?" Inenso ndinakulira momwemo. Ndinaona ndi maso anga mwana wa azakhali atatupa miyendo, akuluakulu n'kumati anavala malaya a malemu asanawazidwe. Kaya zinali zoona kaya ayi, Yamiko akatsokomola mawa ndidzati chiyani kwa inu? Khoswe wakhala pamkhate. Inu musamasule luzi nokha, sindikukukakamizaninso.

Koma achimwenewo akundipsetsa mtima. Avomera kuimirira m'malo mwanga, takhuta, ndathokoza, koma akuti mwambo suchitika ngati kugula tomato. Akuti mkulu wowaza mankhwala ali tsidya la Shire kwa mwana wake, pafunika kutuma munthu. Akuti alongo athu a Justina a ku Nchalo adikire malipiro a kumunda wa nzimbe kuti apeze thiransipoti, ndipo popanda iwo zovala za mtsikana sizigawidwa. Akutinso pafunika nkhuku ndi ufa wa anthu obwera. Ndawauza kuti anthu a makinawa sadikira alongo a ku Nchalo. Andiyankha kuti chinthu chimene chadikira kuyambira Novembala chingalephere bwanji kudikira mwezi umodzi, ndipo wochedwetsa anali ndani? Ndatumiza ya bwato, ya nkhuku ndi ya thiransipoti ya alongo. Muwakankhe, inu amakumverani kuposa ine.

Kuno ntchito yachepa, tikugwira masiku ena, ena ayi. Mwini nyumba wayamba kulankhula zokweza lendi, ndipo pamsewu wathu pakuyenda anthu ofunsa mapepala amene si apolisi. Ine ndimakhala m'nyumba. Musade nkhawa.

Nkhomaliro masiku ano ndimadyera pamodzi ndi anzanga, kuseri kwa njerwa kulibe chokachita. Tsamba lija ndimatsegulabe m'mawa uliwonse kuona ngati pasintha. Mawu achingerezi aja akadalipo, ndipo Geresomo akuti bola amenewo, ndiye kuti dzinalo sanapatse wina.

Wanu,
Kaitano


11 Ogasiti 2024

Amake Anita,

Moni. Ndamva kuti mwambo unayenda bwino, kuti Yamiko ali bwinobwino, ndi kuti diresi yachikasu mwasunga ndinu. Mwachita bwino. Muwathokoze achimwene ndi alongo m'malo mwanga.

Za foni munandiuza kale, kuti batire linatupa ndi kutentha kwa pansi pa malata mpaka kukankha galasi, ndipo wokonza mafoni wa pa Bangula wati zam'kati zinapsa. Musadziimbe mlandu. Simukhadi munaiika m'kafoni kanu ka mabatani, sinagwire. Chimene simukudziwa ndi ichi, pa foni sindikanatha kuchinena.

Ndinaimba nambala ya Anita. Chimwalirireni ndinali ndisanaiimbepo. Inaitana. Amake Anita, inaitana, ndipo ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu. Anayankha bambo wina, kalankhulidwe ka kumpoto, kumbuyo kukumveka chigayo. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaigulitsa kwa wina. Iye akuti anaigula ku Rumphi miyezi yapitayi, ndipo akumalandira mauthenga achingerezi amene amangofufuta. Ndinapepesa kuti ndalakwitsa, n'kudula.

Geresomo ndi amene anaona mwayi. Anati ngati nambala ili ndi moyo, ndiye kuti manambala achinsinsi aja apita kwa bamboyu. Ndinaimbanso. Ndinadzichepetsa kuposa mmene ndimachitira kwa bwana, ndinafotokoza zonse kuyambira pa malambe mpaka pa sutikesi. Ndinati kubwera uthenga wa manambala, mungondiwerengera, ine ndikutumizirani ya mayunitsi ndi ya sopo. Geresomo anadina pa foni yake ndipo uthenga unapitadi, ndinaumva ndi khutu langali ukulowa m'foni ya bamboyo. Iye anati:

"Akulu, nkhani yanu ndi yomvetsa chisoni. Koma amene anabera amayi anga ndalama ya fetereza analinso ndi maliro. Manambala sindipereka."

Ndinalumbira pa dzina la Mulungu. Ndinati ndimutumizire chithunzi cha manda, alankhule ndi inu, alankhule ndi ansembe a pa parishi. Anati onse amatero. Pamenepo mtima unandikwera, ndinamutukwana m'Chisena mawu amene sindingalembe pano, ndipo anadula. Tsopano nambala yanga waitseka, ya Geresomo waitsekanso, ya kapitawo anangomva moni wanga n'kudula.

Ndamukwiyira sabata yonse, chakudya osalowa. Manambalawo anali m'dzanja lake, akuwaona ndi maso, kungowerenga basi. Koma ndikakhala pansi ndikuona kuti wachita zomwe ine ndimakuuzani inu nthawi zonse, kuti munthu wosamudziwa akapempha manambala a pa foni muzidula. Ndikanakhala ine sindikanaperekanso.

Mukapeza mpata yesani inu, mwina mawu a mayi angamufewetse. Musatchule za ndalama, ndikuona kuti pamenepo ndi pamene ndinamuopsa. Nambala mukuidziwa.

Kaitano


22 Seputembala 2024

Amake Anita,

Moyo wanu ndi wa mwana? Ine ndilipo.

Zikomo poyesa. Ndamva kuti inunso anakudulani musanamalize kutchula dzina lanu. Musayesenso, palibenso chifukwa.

Dzina lapita. Lolemba ndinatsegula, mawu achingerezi aja achoka, pabwera tsamba lina. Pamwamba palembedwa dzina la mwana wathu, pansi pake pali za juga, za mpira, ndi atsikana osavala mokwanira akukopa anthu kuti abetche. Ndinathimitsa foni. Mayi wa ku ofesi uja wandifotokozera kuti alipo anthu amene ntchito yawo ndi kudikira mayina otayika n'kuwatola, ndipo amene watola lathuli akuligulitsa pa mtengo woposa malipiro anga a theka la chaka. Ndinali wokonzeka kukongola. Ndinafunsa kuti ndikaligula, mawu aja abwerera? Anapukusa mutu. Zithunzi ndi mawu zinali m'nkhokwe ya kampani yotchipa ija, ndipo nthawi ikatha amafufuta. Ndiye ndigule chiyani?

Muwauze achimwene, alongo ndi onse amene anali ndi adiresi ija kuti asatsegulenso, makamaka Yamiko akadzayamba kugwira mafoni. Timapepala tomata pamapaketi timene tinatsala mutiwotche.

Geresomo wandifunsa chifukwa chake miyezi yonseyi sindinajambule mawuwo ndi foni ina. Sindinaganizeko. Ndinkayesa chimene chalowa pa intaneti sichichoka. Iye sananene kuti ndinakuuza, wangondigulira chakudya n'kukhala nane.

Chimene chandilasa kwambiri ndi chimene munandiuza Lachitatu, kuti inu simunawamvepo mawuwo ngakhale kamodzi. Kuti ankati akuyatsireni, inu n'kumati mawa, manja ali ndi ntchito, ndiponso mwiniwakeyo munali naye pakhomo. Ine nthawi yonseyi ndinkayesa munamva. Ndiye ndakhala pansi kuti ndikulembereni mmene ndikukumbukirira, mutu usanayambe kusokoneza. Amayamba ndi kukonza kukhosi pang'ono, kenaka amati:

"Moni nonse, takulandirani. Ine ndine Anita Kaitano wa ku Bangula, kuchigwa kotentha kuno. Malambe athu timatola tokha, timasinja tokha ine ndi amayi anga. Mulibe mchenga, mulibe chinyengo. Mukalawa kamodzi mudzandifunafuna."

Pamenepo pamamveka tambala, ndi inu chapatali mukumuitana kuti adzakutuleni ndowa. Iye amati, "Amayi, dikirani kaye, ndili pa ntchito," n'kuseka, mawu n'kuthera pomwepo.

Mawu ake ndi amenewo, sindinasiye ngakhale limodzi. Kusekako ndiye ndayesa, sindikudziwa kalembedwe kake.

Kaitano